Sewero linali bho, koma oonera ena ndi okonza ake mmm

Amene mwakhala mukufunsa ngati n'koyenera kutaya K5,000 pa zisudzo zimene zikumachitika Lamulungu masana mu holo ina pa Kasungu boma pano, ine ndikuti pitani, ndalama yanu sipita pachabe, koma mukafike msanga mukapeze mpando wakutsogolo ndipo mukatenge mtima wautali. Dzina la holo ndi la gulu la anyamatawo sinditchula poti zina ndinenazi ndi madandaulo, a pa boma pano mukudziwa kale malo ake. Pakhomo akulandira cash komanso Airtel Money ndi Mpamba, ana akulipira theka.

Sewerolo palokha ndilibe nalo mlandu. Ndi nkhani ya bambo wina wochokera kummwera amene wabwera ndi banja lake kudzakhala tenanti pa esiteti ya fodya, chaka chonse ali mu chigafa kusoka, mabelo apita ku msika wa fodya wa ku Chinkhoma, ndiye tsiku lowerengera bwana akutsegula buku lake n'kuyamba kuchotsera chimanga chimene ankawapatsa, mchere, sopo, mankhwala a mwana atadwala, mpaka pamapeto pake tenanti ndi amene akupezeka ndi ngongole. Utenanti paja lamulo linauthetsa mu 2021, koma kuno ku Kasungu nkhani imeneyi simufunika kumufotokozera munthu, ambiri mu holo muja anaiona ndi maso, ena ndi ana a matenanti ena ndi ana a mabwanawo. Mnyamata amene akusewera bwana uja ndi katswiri, sakuwa ayi, amalankhula mofatsa akunyambita chala potsegula peji, ndiye ukumva mkwiyo ukukwera wokha. Mtsikana wosewera mkazi wa tenanti nayenso ali bho ngakhale mawu ake amachepa akatembenukira kumbali. Maiki alipo awiri okha oimika kutsogolo, ndiye ukakhala kumbuyo theka la zolankhula umachita kufunsa mnzako.

Vuto linayambira pa nthawi. Poster inati 1:30, sewero linayamba itadutsa 3 koloko, ndipo palibe anabwera kudzatiuza chimene chikuchedwetsa, DJ amangosintha nyimbo basi. Apa ndiye pamene okonza amadzipalira okha, chifukwa munthu amene wadikira nthawi yonseyo mu holo ya malata dzuwa lili phwee sakhala phee, amatuluka kukapeza kozizira, ndiye kozizira kwake ndi bala imene ili pakhonde pa holo yomweyo. Pofika poyamba sewero ena anali atakhuta kale. Simungagulitse mowa kupitirira ola ndi theka kwa anthu amene mukuwachedwetsa nokha kenako n'kumadabwa kuti akulongolola.

Tsono ndisanapitirire ndinene ichi, poti ndikudziwa ena ayamba kale kuti a Malawi sitidziwa kuonera zisudzo, tizikhala chete ngati mmene amachitira kunja. Ine zimenezo sindigwirizana nazo olo pang'ono. Ife tinakula ndi nthano zoti wofotokoza akati padangotero ena nonse muyankhe tili tonse, mukapanda kuyankha agogo amasiya nthano n'kukagona. Amene munaonerako Kwathu Drama Group nthawi ya malemu John Nyanga ndi malemu Eric Mabedi, Izeki ndi Jakobo aja, mukudziwa kuti holo imachita kugwedezeka, anthu akuyankhira, iwo n'kutola mawu a munthu wa mu gulu n'kuwabweza pomwepo. Ngakhale Du Chisiza Jr ndi Wakhumbata yake imene anayambitsa mu 1987, masewero ake ambiri anali a Chingerezi koma anthu sankakhala ngati ali m'kalasi ayi. A Travelling Theatre a ku Chancellor College ankapita m'midzi dala kukachita masewero oti anthu alowererepo, afunsidwe maganizo, atsutse. Ndiye phokoso palokha si mlandu. Funso ndi lakuti phokoso lakolo likukamba za sewero kapena likukamba za iwe.

Chitsanzo chabwino chinachitika tsiku lomwelo. Pamene bwana anapereka buku kuti tenanti adinde chala, mayi ena achikulire a mzere wachitatu anakuwa ndi mtima wonse, "Musadinde bambo inu, wakuba ameneyo!" Holo yonse kuseka, koma kuseka kogwirizana nawo. Mnyamata wa bwana uja osatekeseka, anangotembenuka pang'ono n'kuti, "Amayi, nanunso dzina lanu lilimo m'bukumu, mudikire nthawi yanu," n'kupitiriza. Eeh anthu anaimirira kuomba m'manja. Mayi aja sanasokoneze kanthu, anali mkati mwa nkhani kuposa tonsefe, ndipo sewero linakoma kwambiri chifukwa cha iwo.

Koma mafoni, abale. Foni kulira ndi ngozi, zimachitika, umaithimitsa msangamsanga mwamanyazi zatha. Koma bambo ena kumbuyo kwanga anaiyankha, n'kuyamba kukambirana mtengo wa matumba a soya ndi munthu wa ku Santhe, mokweza, mpaka kubwereza kuti "ndili ku drama, lankhulani ndikumva." Ife ndiye sitimamva. Anthu amangotembenuka kuwayang'ana, wina tsonya, koma palibe wa gulu lokonza anabwera. Achinyamata ena atatu mzere wakutsogolo ananyamula mafoni m'mwamba kuyambira poyamba mpaka pomaliza, wina ali live pa Facebook flash ili ngwee m'maso mwa osewera, ife akumbuyo tikuonera sewero kudzera pa sikirini yake. Izi sizongosowetsa mtendere chabe, ndi kuwabera anyamatawa. Akonzekera miyezi, akufuna akalionetse ku Mtunthama, ku Chamama, ku Nkhamenya, ndiye iwe waliika lonse pa intaneti ulere, adzalipira pakhomo ndani? Sewero ndi ntchito ya munthu yotetezedwa ndi lamulo la copyright chimodzimodzi nyimbo, bungwe loteteza ntchito za aluso la COSOMA lilipo chifukwa cha zomwezi. Kajambule kachidutswa kapena chithunzi pomaliza akamagwadira anthu, ambiri amakondwa nazo poti ndi kuwatsatsira malonda, koma osati sewero lonse. Ndipo MC sananene chilichonse za mafoni poyamba, anatha nthawi kupereka moni kwa alendo olemekezeka mmodzimmodzi.

Tsopano nkhani ya chidakwa, imene ndi chifukwa chenicheni ndalembera zonsezi. Chapakati pa sewero bambo wina wa jekete yachikopa, botolo lili m'manja, anaimirira pakanjira kapakati n'kuyamba kutukwana bwana wa pa siteji uja, kuti tsika pamenepo tionane, ndikudziwa anthu ngati iwe. Poyamba anthu anaseka. Kachiwiri anaseka ochepa. Atayamba kuyenda dzandidzandi kulowera ku siteji mawu anasintha, wina "mutulutseni," wina "mupatseni makofi ameneyo," ana akutsogolo kuyamba kuthawira kwa amayi awo. Baunsa wa pakhomo, chimunthu cha t-shirt yothina, anayamba kubwera chifuwa chili patsogolo, ndipo aliyense amaona kuti akangomugwira kolala pakhala ndewu, anzake a bamboyo anali atadzuka kale kumbuyo.

Amene anafika msanga ndi mayi wina wa gulu lomwelo amene amang'amba matikiti, wamfupi, chitenje m'chiuno. Sanamugwire. Anaima pambali pake osati kutsogolo kwake, n'kupinda mawondo pang'ono mwaulemu, n'kunena chapansipansi koma ife apafupi tinamva, "Ankolo pepani, pali nkhani ina ndimafuna mundithandize panjapa, ndi inu nokha mungaidziwe." Bambo uja anamuyang'ana, n'kuyang'ana siteji, n'kuloza bwana ndi botolo kuti iwe ndikubwera, kenako n'kumutsatira mayiyo bwinobwino mapewa ali m'mwamba ngati waitanidwa kukaweruza mlandu. Baunsa anangotsala pakanjira manja ali lende. Nditatuluka pa break ndinawapeza pakhonde, amupatsa mpando ndi madzi, akumufotokozera mayi uja mmene bambo ake anavutikira pa esiteti ina, iye akungogwedeza mutu kuti eya ankolo, zoona ankolo. Sanalowenso mpaka sewero kutha, ndipo sanatukwanenso munthu.

Chimene ndinaona china ndi chakuti mnyamata wa bwana uja, yemwe anawayankha mayi achikulire aja mwanthabwala, chidakwachi sanachiyankhe olo liwu limodzi. Anangotseka buku, n'kuyenda pang'onopang'ono kupita mbali ina ya siteji ngati akuganiza, maso a anthu n'kumutsatira iyeyo, mpaka kanjira katayera n'kuyambiranso pomwe anasiyira. Ameneyo ndi munthu wodziwa ntchito. Woledzera ukamuyankha wamupatsa gawo mu sewero, ndipo satulukamo. Gulu ili likanakhala ndi anthu anayi ngati mayi wa matikiti uja oima m'makona a holo, m'malo modalira baunsa mmodzi amene amadziwa njira imodzi yokha, bwenzi ndikulemba zoyamikira zokhazokha.

China chimene chinandinyansa kuposa chidakwa ndi anyamata a pa zenera. Pali malo mu sewero pamene bwana akumukakamiza mkazi wa tenanti kuti agone naye ngongole ithe, mtsikana uja akulira zenizeni, ndiye iwo malikhweru, "vomera iwe," ndi mawu ena okhudza thupi lake amene sindingalembe pano. Kuseka pa malo omvetsa chisoni ndimakumvetsa, nthawi zina munthu umaseka chifukwa zakukhudza ndipo sukudziwa chochita. Koma izi zinali zina, kunali kumuvula ulemu mwana wa eni ake ali pa ntchito. Atsikana ochita zisudzo alipo ochepa kale, makolo ambiri amawaletsa, ndipo malemu Gertrude Kamkwatira wa gulu la zisudzo la Wanna-Do timamukumbukira mpaka lero chifukwa amayi ofika pamene anafika iye ndi owerengeka. Ndiye wina walimba mtima wakwera pa siteji inu muzimuimbira malikhweru? Amene anawakhalitsa chete si okonza ayi, ndi bambo ena achikulire a chipewa amene anangotembenuka n'kufunsa, "Ana inu, kwanu kulibe alongo anu?" Kunati zii. Apa ndinaona kuti oonera tokha tili ndi mphamvu, kungoti ambiri timadikira wina ayambe.

Za kufupa nazo zikufunika dongosolo. Ndi chikhalidwe chabwino, anyamatawa ndalama ya pakhomo yokha siwakwanira akalipira holo ndi jenereta, koma munthu kukwera pa siteji mwana wa tenanti ali chigonere akudwala, n'kuyamba kumuika ma K500 pamphumi uku akuvina kuti anzake amujambule, ayi zikomo. Ikani mbale kapena lichero kutsogolo kwa siteji, MC anene kuti kufupa ndi pa nyimbo kapena pakati pa zigawo, nkhani yatha.

Ana a sukulu analipo ambiri ndipo mwina mudabwa, iwowo ndi amene anali ndi khalidwe kuposa akuluakulu. Ndikuganiza ndi chifukwa choti ena mwa iwo amachita nawo mipikisano ya zisudzo za m'sukulu ngati ya ATEM ndi NASFEST, akudziwa kuwawa kwake koiwala mzere chifukwa wina wakuwa. Makanda okha ndi amene anavutika ndi kutentha, ndipo amayi ambiri amatuluka nawo okha akayamba kulira, palibe anachita kuuzidwa.

Zina ndi zina mwachidule. Mipando ndi ya pulasitiki, ina yothyoka miyendo, muziiyesa kaye musanakhale. Ogulitsa mafilizesi ndi mtedza amayenda pakati pa mizere sewero lili mkati akuitanira malonda, awa angowauza kuti azigulitsa pa break. Chitseko chachikulu chimalira chikamatsegulidwa ndipo ochedwa amalowa nthawi ina iliyonse, kuwala kwa panja n'kuthira pa siteji, bwanji osawalowetsa pa chitseko chakumbali pakatha chigawo. Magetsi anazima kamodzi koma jenereta analiza msanga, apo ndawayamikira. Zimbudzi za amayi akuti madzi kunalibe, za abambo ndinangosuzumira n'kubwerera. Njinga ndi njinga zamoto pali mnyamata woyang'anira, ndipo potuluka makabaza amakhala ali mbwee pa geti ndiye za ulendo musadandaule ngakhale kutada.

Kwa okonza, poti ndikudziwa muwerenga: yambani pa nthawi imene mwalemba olo anthu akhale makumi awiri okha, sabata yotsatira adzafika msanga okha. Bala itsekedwe sewero likayamba, mabotolo asalowe mkati. MC asanatchule olemekezeka anene zinthu zitatu basi, mafoni pa silent, osajambula sewero lonse, yankhirani mmene mungathere koma zotukwana ayi. Ndipo mayi wa matikiti uja mumuonjezere ndalama, aphunzitsenso anzake.

Pa 10 sewero ndikulipatsa 8, holo ndi kayendetsedwe kake 4. Akuti mwezi wamawa abwera ndi lina la nkhani ya malo a makolo ndi mafumu ogulitsa minda kawiri, limenelo ndiye anthu adzayankhira mpaka denga, ine ndidzapita ndithu. Mpando wabwino ndi mzere wachiwiri kapena wachitatu mbali ya kumanzere, kutali ndi zenera komanso kutali ndi chitseko cha ku bala.