FreeBSD 13 pa rauta yanga: kusaka njira kwapepuka

Ndayendetsa rauta (makina olondolera data pa netiweki) pa operating system ya FreeBSD kwa zaka zingapo, ndipo chimene chinkandidetsa nkhawa kwambiri ndi routing table, tebulo la njira (ma route) zimene data imatsata. Paketi iliyonse ya data ikafika, kernel (phata la operating system) imayenera kudziwa koitulutsira, ndipo yankho linkachokera mu radix tree, kasanjidwe ka ma route kokhala ngati mtengo wa nthambi, imene Keith Sklower anakonzera BSD (kholo la FreeBSD) chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ndi yodalirika, sindingainyoze. Koma mukaithira ma route a BGP (njira imene ma rauta a pa intaneti amauzirana ma route) oposa 900,000 a IPv4, kusaka kulikonse kumatsika nthambi ndi nthambi, uku kukudumphadumpha mu memory, CPU n'kumathera mphamvu pamenepo.

FreeBSD 13.0, imene inatuluka mu April 2021, inamanganso gawo limeneli. Route siisenzanso yokha zonse za gateway (rauta yotsatira) ndi interface (potulukira paketi). Zimenezo anaziika padera m'chinthu chotchedwa nexthop, moti ma route masauzande odutsira kwa mnansi mmodzi amangoloza nexthop imodzi yomweyo.

Chandigwira mtima kwenikweni ndi FIB_ALGO, gawo la kernel lolola kusankha kasakidwe ka njira. Radix ikadalipo, ndiyo imasunga ma route, koma ntchito yosakira mapaketi njira mungaipereke kwa algorithm ina. Nditalemba lamulo la sysctl net.route.algo.inet.algo_list ndinaona mayina a ma algorithm atatu: bsearch4, radix4 ndi radix4_lockless. Kenako ndinachita kldload dpdk_lpm4 kuti ndilowetse ina mu kernel, dzina lachinayi n'kutulukira. Ndinasinthira ku dpdk_lpm4 pomwepo, mtima uli m'mwamba, maso ali pa BGP session, koma sinagwe ndipo makina sindinawazimitse.

Njira ya dpdk_lpm4, yochokera ku DPDK (mapulogalamu othamangitsa mapaketi), ndi yosavuta kuimvetsa. Ma bit 24 oyamba a adiresi amakhala nambala ya malo m'tebulo lalikulu, ndiye mapaketi ambiri amapeza njira powerenga kamodzi kokha. Amene akupita ku prefix (chiyambi cha adiresi) yaitali kuposa /24, kutanthauza ma bit 24, amawerenga kawiri, basi.

Liwiro limeneli mumaligula ndi memory. Tebulo lija lili ndi malo oposa 16 miliyoni, aliwonse ma byte 4, ndiye ndi 64MB ngakhale ma route akhale ochepa. Amene muli ndi ma FIB (ma routing table) angapo muwerengere bwino musanayatse.

Pa rauta yaikulu ndasiya dpdk_lpm4 ikugwira ntchito. Pa kabokosi kakang'ono kamene kali ndi ma route osafika khumi sindinakhudze kanthu, kernel inasankha yokha bsearch4, ndipo yakwanira.