Stihl MS 250 ndi anzake: sowo ya injini yodulira nkhuni ndi kusadza mitengo pakhomo

Pa ntchito yodula nkhuni ndi kusadza mitengo ya pakhomo, sowo ya injini imene imakwanira bwino ndi ya pakati: injini ya 45 mpaka 50 cc, kulemera kosafika makilogalamu 6, ndi bar ya masentimita 40. Bar ndi chitsulo chathyathyathya chija tcheni chimazungulirapo. M'gulu limeneli tasankha kuunika Stihl MS 250, chifukwa yakhala pamsika zaka zambiri, amakaniko ambiri anaizolowera, ndipo zofooka zake zinadziwika kale.

Injini yake ndi ya 45.4 cc, mphamvu pafupifupi 2.3 kW, ndipo imalemera makilogalamu 4.6 musanaikeko bar, tcheni ndi mafuta. Ubwino wake waukulu wagona pamenepa. Masowo ambiri a mphamvu zotere amalemera kuposa apa, ndipo kilogalamu imodzi imene simuimva m'sitolo mumadzaimva m'mapewa mukasadza nthambi maola awiri. Chipika chokula masentimita 30 imadula mosavutikira. Imalandiranso bar ya masentimita 45, koma sitikulimbikitsa: bar yonseyo ikamira mu mtengo wouma wolimba injini imayamba kulira molemedwa, ndipo pampu yake ya oyilo wa tcheni ilibe posinthira kuti izithira wambiri. Mtengo wokulirapo kuposa bar mungaudule mbali iyi kenako mbali inayo, palibe chifukwa chonyamulira chitsulo chachitali tsiku lonse.

Chimene anthu amadandaula nacho kwambiri ndi kuliza. Chingwe chake n'cholimba pokoka, chifukwa injiniyi imapanikiza mpweya kwambiri koma ilibe kabatani kophwetsera. Ndiponso simakhululuka mukalakwitsa choke, chotsekera mpweya kuti injini yozizira ilandire petulo wambiri poliza. Injini ikakhala yozizira, mangani buleki ya tcheni, finyani chowonjezera moto, tsitsani kachitsulo koyatsira mpaka pansi penipeni pa choke, ndipo kokani mpaka imveke kukhosomola kamodzi. Ikangokhosomola, kwezani kachitsuloko malo amodzi, kokaninso, ikalira gwirani chowonjezera moto pang'ono kuti ibwerere pa liwiro lotsika, kenako masulani buleki. Amene samva kukhosomola kuja n'kumangokokabe pa choke amadzaza petulo mu silinda, ndiye sowo siingalirenso. Zikatero tulutsani pulagi, ipukuteni iume, zimitsani switchi, kokani chingwe kangapo pulagi ili kunja, bwezeretsani, n'kuliza popanda choke. Ngati muli ndi vuto la phewa, funsani mtundu wa MS 250 C-BE, umene uli ndi sipuling'i yothandiza kukoka.

Chofooka china ndi zotsekera mathanki. N'zopinda ndi dzanja popanda sipanala, koma mukapanda kulozetsa bwino timizere take zimaoneka ngati zatseka pamene sizinakhale, oyilo n'kukukhuthukirani pa mwendo. Dziwaninso kuti injini ya MS 250 inakhazikidwa m'thupi la pulasitiki. Imeneyi ndi sowo ya pakhomo ndi pamunda, si ya munthu wogwetsa mitengo tsiku ndi tsiku.

Nanga anzake? Stihl MS 170, ya 30.1 cc, ndi yopepuka ndipo pa nthambi ndi timitengo tosaposa masentimita 20 imachita bwino ndithu, koma pa mulu wa zipika zikuluzikulu mudzatopa nayo musanafike pakati. Husqvarna 450, ya 50.2 cc, ndiyo mpikisano weniweni. Imalemerako pang'ono, koma ili ndi kampira kopopera petulo musanalize, ndipo fani yake imataya utuchi wambiri mpweya usanafike pa sefa, choncho sefayo imatenga nthawi isanatsekeke. Echo CS-590, ya 59.8 cc, ili ndi kabatani kophwetsera ndi pampu ya oyilo yosinthika, ndipo pa mathunthu a masentimita 45 kupita m'tsogolo imaposa MS 250 kutali. Koma makilogalamu pafupifupi 6 si osadzira nthambi. Pamwamba pa onsewa pali Stihl MS 261 ndi Husqvarna 550 XP, za 50 cc zonse, mphamvu pafupifupi 3 kW, thupi la injini la magnesium lomwe makaniko angathe kulimasula ndi kulikonza mobwerezabwereza. Ngati mumadula sabata iliyonse chaka chonse, gulani imodzi mwa ziwirizi. Ngati mumadula miyezi ingapo pachaka, mphamvu yowonjezerayo muzingoiyang'ana.

Masowo a batire, monga a Makita, EGO kapena Stihl yomweyo, sitiwanyoza. Pa ntchito ya pabwalo ya mphindi 20 apa ndi apo amaposa a petulo: salira mosokosera, safuna choke, sawonongeka chifukwa chokhala. Pa nkhuni za tsiku lonse m'tchire mufunika mabatire angapo ndi poti muziwatchajira.

Pakati pa Stihl, Husqvarna ndi Echo, chogamula chikhale ichi: ndi iti imene pafupi nanu pali wogulitsa wovomerezeka wokhala ndi masipeya ndi makaniko? Sowo yabwino imene ikudikira kabuleta miyezi iwiri siidula kanthu. Wogulitsa wovomerezeka amakutetezaninso ku zachinyengo, popeza masowo opentedwa mitundu ya makampani otchukawa ndi ambiri pa intaneti, ndipo ena mwa iwo buleki yake siigwira. Mukamagula yogwiritsidwapo kale ntchito, igwireni pa chogwirira chingwe n'kuisiya ilendewere: ikamatsika pang'onopang'ono, modukizadukiza, injini ikadali ndi mphamvu, ikangoti phofo ndiye kuti yatha. Kenako pemphani kumasula chotulutsira utsi kuti muone pisitoni. Mizere yokalika kuchokera pamwamba kupita pansi ndi chizindikiro choti muisiye.

Mizere imeneyo nthawi zambiri imachokera ku mafuta. Injini za two-stroke zilibe thanki ya oyilo wa injini, oyilo amalowa pamodzi ndi petulo. Muyeso ndi 50:1, kutanthauza mamililita 20 a oyilo pa lita imodzi ya petulo, kapena 100 pa malita 5. Yesani ndi choyesera, osati ndi maso, ndipo akhale oyilo wa injini zoziziritsidwa ndi mpweya, osati wa injini za maboti. Petulo wopanda oyilo amakanda pisitoni m'mphindi zochepa chabe. Sakanizani wokwanira mwezi umodzi wokha, chifukwa akakhalitsa amasiya zomata mu kabuleta, ndipo wokhala ndi ethanol amakoka chinyezi n'kuumitsa timapaipi ndi timaphepha ta mphira ta m'katimo. Sowo ikamakasungidwa nthawi yaitali, khuthulani thanki n'kuiliza pa liwiro lotsika mpaka izime yokha.

Koma madandaulo ambiri oti sowo yatha mphamvu gwero lake ndi tcheni chobuntha. Yang'anani zimene zikugwa pansi. Tcheni chakuthwa chimalavula tizibenthu tikulutikulu ndipo chimadzikokera chokha mu mtengo. Chobuntha chimatulutsa utuchi wosalala ngati ufa, chimafuka utsi, inu n'kumakanikiza ndi thupi lonse, zomwe zimatenthetsa bar ndi klatchi. Kugunda dothi kapena mwala kamphindi kokha n'kokwanira kubunthitsa mano onse, n'chifukwa chake chipika chogona pansi mumachidula osafika pansi, n'kuchigubuduza, n'kumalizira mbali inayo.

Tcheni cha MS 250 nthawi zambiri ndi cha .325 (nambala yosonyeza kukula kwa mfundo za tcheni m'mainchesi), ndipo chimafuna tupa lozungulira la mamilimita 4.8. Cha 3/8 chaching'ono, ngati cha MS 170, chimafuna la 4.0. Nolani pa madigiri 30, kuchokera m'kati mwa dzino kupita kunja, kukankha kokha osabwerera nalo likukhula. Kawiri kapena katatu pa dzino lililonse nthawi iliyonse mukathira petulo n'kokwanira, bola mano onse alandire mofanana. Mbali imodzi ikafupika kuposa inzake sowo imadula mokhota, anthu n'kumanamizira bar. Kutsogolo kwa dzino lililonse kuli kachitsulo koletsa kuti lisalume mozama, ndipo kayenera kukhala mamilimita 0.65 pansi pa nsonga ya dzino. Mano akamafupika ndi kunola amatsikanso, choncho pakapita maulendo atatu kapena anayi yesani tizitsulo timeneti ndi geji n'kutipala ndi tupa lathyathyathya. Mukapanda kutero tcheni chakuthwa sichiluma, mukapala mopyola chimagwira mwankhanza n'kumadumpha. Pa nkhuni zouma kapena za makungwa a fumbi sankhani mano a semi-chisel, a ngodya yozungulira. A full chisel, a ngodya yosongoka, amathamanga mu mtengo waukhondo koma amabuntha msanga.

Tcheni chimangidwe moti chikhudze kunsi kwa bar koma chizitha kuyenda mukachikoka ndi dzanja lovala golovesi. Pomanga manati kwezani nsonga ya bar m'mwamba. Chatsopano chimatamuka msanga, ndiye chionereni pafupipafupi tsiku loyamba, ndipo ngati munachimanga chili chotentha chimasuleni mukaweruka, chifukwa pozizira chimafupika n'kukoka shafiti ya injini. Bar muziitembenuza kuti ithe mofanana, mukonkhonthe utuchi mu ngalande yake ndi m'kabowo ka oyilo. Kuti mudziwe ngati oyilo akutuluka, lozetsani nsonga pa chitsa choyera n'kuwonjezera moto, payenera kuoneka mzere wa madontho. Oyilo wakuda wokhuthulidwa m'galimoto musathiremo, ali ndi tizitsulo todya pampu ndipo samamatira pa tcheni. Sprocket, kagudumu ka mano koyendetsa tcheni, isinthidwe mukatha matcheni awiri.

Ngozi yoopsa kwambiri imabwera pamene chigawo cha pamwamba cha nsonga ya bar chagunda chinthu, sowo n'kudumphira kumaso mwachangu kuposa mmene dzanja lingaigwirire. Gwirani ndi manja onse, chala chachikulu cha kumanzere chikulunge chogwirira, imani pambali pa mzere wa bar, ndipo musadule pamwamba pa mapewa kapena muli pa makwerero. Buluku loteteza miyendo, chisoti, magalasi, nsapato zolimba ndi zotseka m'makutu zigulidwe tsiku lomwelo, pakuti phokoso la sowo ya petulo limaposa madesibelo 100.

Bar ikapanikizika m'chipika musaisuntheresunthere ndi mphamvu, mudzaipinda. Zimitsani injini, khomani kapulasitiki kosongoka kotsegulira (wedge) mu mng'alumo. Kuti zisachitike, onani mmene chipika chagonera. Chikatsamira nsonga zonse ziwiri, dulani gawo limodzi mwa magawo atatu kuchokera pamwamba n'kumalizira kuchokera pansi. Chikalendewera mbali imodzi, yambani pansi, malizirani pamwamba.