Edinburgh Castle: tikiti ndi yodula, koma lowani ndithu

Anzanga a ku Area 25 mwakhala mukundifunsa ngati Edinburgh Castle ija, linga lakale la mafumu mumzinda wa Edinburgh, ndi yoyenera kulipira, poti ambiri akapita ku Scotland kusukulu kapena kukaona ana amangojambulitsa panja basi n'kuponya pa Facebook. Ine ndikuti lowani, koma muwonjezere kandalama mutenge audio guide, kachipangizo kofotokoza m'makutu kaja. Popanda iko mungoona miyala ndi masitepe, n'kutuluka mukulira mapaundi anu, makamaka mukayamba kuwawerengera mu Kwacha.

Lingali linamangidwa pa thanthwe lomwe kalekale linali phiri lophulika moto, ukasuzumira pansi chizungulire chenicheni, ndiye tangoganizani kuti mu 1314 Thomas Randolph, mkulu wankhondo wa ku Scotland, ndi anyamata ake ochepa chabe anakwera pomwepo usiku n'kulanda malowa m'manja mwa Angelezi, ine zimenezi zinandiimitsa mutu.

Anthu amathamangira chisoti chachifumu cha 1540, mzere wake ndi wautali komanso zithunzi saloleza. Nchokongola inde, koma mtima wanga unatsala pa St Margaret's Chapel. Katchalitchi kakang'ono zedi, ngati kaja timapempheramo kumudzi mpingo ukangoyamba kumene, koma ndi nyumba yakale kuposa zonse mu Edinburgh, Mfumu David I anaimanga cha m'ma 1130 pokumbukira mayi ake, Margaret. Makoma okhuthala, timawindo tating'ono, anthu amalowa mosinthana. Palinso kachipinda komwe Mary Queen of Scots, mfumukazi ya Scotland, anaberekera Mfumu James VI mu 1566, kopanikiza moti simungakhulupirire kuti mwana wobadwira mmenemo anadzalamulanso England kuyambira 1603.

Abambo okonda za nkhondo, kuli mzinga wotchedwa Mons Meg, wa matani 6, womwe Mfumu James II ya Scotland inalandira ngati mphatso mu 1457, ndipo zipolopolo zake ndi miyala yobulungira ya makilogalamu 150. Mzinga wina amauomba 1 koloko masana, mwambo womwe unayamba mu 1861 kuti a m'sitima zapamadzi azikonzera mawotchi awo. Lamulungu saomba. Mufike msanga mupeze poima, ndipo mugwiritse foni, ngakhale ukudikira umadzidzimukabe.

Stone of Destiny, mwala womwe ankagwiritsa ntchito polonga mafumu, musakaufune kumeneko, anausamutsira ku Perth mu 2024.

Zovuta ziliko. Gulu la anthu ndi lalikulu, mphepo yake June wa kuno ku Lilongwe sakufikako, ndipo njira ndi yokwera ya miyala yoterera kukagwa mvula, ndiye ngati mwatenga amayi a vuto la mawondo muyende nawo pang'onopang'ono. Tikiti mugulire pa intaneti kusanache, osadikira pageti, ndipo muvale nsapato zafulati.