Pulogalamu yanga yowerengera kutopa, dzinja lonse litadutsa

Pulogalamu ya pa foniyi ndinayamba kuigwiritsa ntchito mvula isanagwe, ndipo pa nkhani ya njinga yokha sindikuidandaula. Imagwiritsa ntchito njira yoyezera kulemera kwa masewera ndi mapointi yotchedwa TSS, imene katswiri wa sayansi ya masewera Andrew Coggan anayambitsa: ukapalasa ola lathunthu pa mphamvu yonse imene ungapirire kwa ola, umapeza mapointi 100. Kenako imajambula mizere iwiri. CTL imatengera masiku 42 ndipo imasonyeza kulimba kwa thupi, pomwe ATL imatengera masiku 7 ndipo imasonyeza kutopa. Mizereyi inkagwirizana bwino ndi momwe ndinkamvera m'thupi.

Nkhani inavuta dzinja litafika. Misewu yadothi inasanduka matope okhaokha, choncho ndinachepetsa kupalasa n'kuyamba kuthamanga, kunyamula zitsulo ndi kukwera phiri la Zomba wapansi.

Pa masewera amenewa mapointi amachokera ku kugunda kwa mtima, ndipo mtima suona zonse. Ukachita ma squat (kunjuta n'kudzuka) utanyamula chitsulo cholemera, mtima umathamanga pang'ono n'kubwerera pansi ukamapuma. Mapointi amatuluka ochepa kwambiri. Koma m'mawa mwake ntchafu zauma gwaa, kutsika masitepe mpaka kugwira khoma, mzere wa ATL uli phee ngati dzulo unangogona. Kutsika phiri n'chimodzimodzi: mtima wakhazikika, mpweya ukukwana, koma minofu ikugwira ntchito ya mabuleki pa phazi lililonse, ndipo ululu wake umadzafika pachimake patatha tsiku limodzi kapena awiri.

Kuthamanga kunabweretsa vuto lina. Mapointi ake ankakweza CTL, ndipo poyang'ana mzerewo munthu akanati ndalimba kuposa kale. Mtima ndi mapapo zinalimbadi. Koma mvula itatha, pa chitunda choyamba chachitali miyendo inatha mphamvu msanga, chifukwa kupalasa kumafuna minofu yozolowera kupalasa. Komanso mtima umagunda kwambiri pothamanga kusiyana ndi popalasa, choncho masewera awiriwa amafunika malire awoawo a kugunda kwa mtima.

Chimene chinandithandiza ndi njira ya katswiri wina, Carl Foster, yotchedwa session RPE. Ukamaliza masewera umapuma kaye, kenako umadzifunsa kuti akulemera bwanji pa mulingo wa 0 mpaka 10, n'kuchulukitsa ndi mphindi zimene wachita masewerawo. Mphindi 45 za zitsulo zimene wazipatsa 7 pa mulingowo zimapereka 315. Nambalayi si TSS ndipo siyenera kuphatikizidwa nayo mwachisawawa, ndiye ndimailemba payokha mu kope, n'kumayerekeza sabata ndi sabata. Ineyo ndimaikhulupirira kuposa lamba wa pachifuwa woyezera kugunda kwa mtima pa chilichonse chokhudza zitsulo.

Panopa ndimachita chonchi: pounika kutopa ndimawerengera zonse, ngakhale kulima kumunda, koma pounika kulimba kwanga pa njinga ndimasefa n'kusiya maulendo a njinga okha. Pulogalamuyi ndipitiriza nayo. Amene mukufuna yanu, muyambe mwaona ngati imalola kusefa masewera motere komanso kusintha mapointi ndi dzanja, chifukwa popanda zimenezi mizere yake idzakusocheretsani dzinja likangofika.