Kashopu ka ku Fordsburg komwe anandikonzera WiFi ya laputopu

Ngati laputopu yanu ikudula intaneti pamene foni ikugwira bwinobwino pa WiFi yomweyo, pitani ku kashopu kokonza makompyuta kali pafupi ndi Oriental Plaza ku Fordsburg, mumzinda wa Johannesburg. Mwini wake ndi bambo wa ku Zomba, ndipo chomwe ndawakondera n'chakuti amayamba ayeza asanatchule zogula.

Ine ndimakhala m'fulati ku Mayfair, timagawana intaneti ya fibre ya liwiro la 50 Mbps. Foni inkakoka bwino, koma pa laputopu makalasi anga a madzulo ankangoduka, mawu a aphunzitsi n'kumamveka pang'onopang'ono.

Bambowa anayamba ndi kulumikiza laputopuyo ku rauta yawo (kabokosi kogawa WiFi) ndi waya. Speedtest, yoyezera liwiro la intaneti, inaonetsa liwiro lonse. Atachotsa waya, liwiro linagwa. Kenako analemba pa laputopuyo lamulo la Windows lakuti netsh wlan show interfaces, n'kundionetsa kuti signal inali pa 40% chabe, chikhalirecho rauta ili patebulo pomwepo. Laputopu yawo, ataiika pambali pa yanga, inaonetsa 99%. Anaika driver yatsopano (pulogalamu yoyendetsa khadi ya WiFi), anazimitsa zosunga batire pa khadi ya WiFi, koma ayi ndithu.

"Achemwali, titsegule pansipa," anatero. M'katimo muli timawaya tiwiri toonda ngati ulusi, kakuda ndi koyera, tochokera pa khadi ya WiFi, todutsa pa hinji mpaka kumtunda kwa sikirini komwe kuli antena. Kamodzi kanali katachoka pamalo pake. Anakakanikiza ndi kachitsulo kakang'ono, kanati thi, signal n'kukwera pomwepo. Khadi yatsopano inali pa shelefu, ndipo akananena kuti yangayo yapsa ndikanagula osafunsa. Anandilipiritsa R200 ya ntchito basi.

Anandifotokozeranso kuti WiFi imayenda pa mafunde a 2.4 GHz kapena 5 GHz, ndipo m'mafulati athuwa 2.4 GHz imadzaza, chifukwa khomo lililonse lili ndi rauta ndipo matchanelo osalowererana ndi atatu okha, 1, 6 ndi 11. Microwave nayonso imasokoneza pomwepo. 5 GHz imathamanga koma imafooka ikadutsa makoma. Nditafika kunyumba tinachotsa rauta kukhitchini n'kuiika pabalaza, pamwamba pa kabati.

Chondidandaulitsa n'chakuti amagwira ntchito okha, ndiye Loweruka mzere umatalika ndipo mpando ndi umodzi. Pitani m'kati mwa sabata m'mawa, mutenge chaja, komanso mupemphe lisiti chifukwa sapereka mukapanda kufunsa.