FBC, SCC kapena ctDNA: kuyezetsa magazi kuti kuli ndi phindu asanayambe kuwotcha khansa ya kummero?

Magadiyani anzanga mwandifunsa kokwanira, ndiye ndiyankhire pano. Malume atauzidwa kuti ayamba radiotherapy, chithandizo chowotcha khansa ndi makina, tinkafuna kudziwiratu ngati chotupacho chidzamvere. Magazi amapereka chithunzithunzi chabe, ndipo mayeso ake sapindulitsa mofanana.

Amene ndimasungira chakukhosi ndi SCC ndi CEA, mayeso ofufuza m'magazi mapuloteni amene chotupa chimatha kutulutsa. Kulabu ina yolipira anatikopa kuti awa ndiye "mayeso a khansa". Titalipira, mpamene anatchula ndalama ina yotumizira magaziwo ku South Africa, yomwe pamtengo woyamba panalibe. Zotsatira zinabwera zili bwinobwino, achibale kumudzi mpaka kululutira, malume phala likuwakanirabe pakhosi. Adokotala ndiwo anatimasulira: SCC imakwera mwa odwala ena okha, ambiri imakhala pansi chotupa chilipo, komanso imatha kukwera ndi matenda a khungu kapena a impso. CEA nayo imakwera mwa osuta fodya, ndipo imagwirizana kwambiri ndi mtundu wa khansa wotchedwa adenocarcinoma, pomwe kuno kwathu wofala ndi wina wotchedwa squamous. Ngati SCC kapena CEA inali yokwera poyamba, kutsika kwake pambuyo pa chithandizo kumanena kanthu. Ngati sinakwere, mwataya ndalama.

Za ctDNA sindichulutsa. Amafufuza tizidutswa ta DNA ya chotupa m'magazi, ndipo tikapezekabe chithandizo chitatha, mpata woti khansa ibwerere umakhala waukulu. Nzeru yake ndi yabwino, koma ikadali ya akafukufuku ndi zipatala za kunja, mtengo wake osayamba.

Ine ndili kumbali ya FBC, yowerenga maselo a m'magazi, yomwe ija amayeza pa chipatala cha boma. Yang'anani HB, muyeso wa kuchuluka kwa magazi onyamula okosijeni. Mphamvu ya makina a radiotherapy imapha bwino maselo a khansa pakakhala okosijeni, ndiye munthu wochepa magazi, monga amakhalira ambiri amene miyezi yapita osameza nsima, chotupa chake chimalimba mutu. Papepala lomwelo pali ma neutrophil ndi ma lymphocyte, mitundu iwiri ya maselo oteteza thupi. Oyambawo akachuluka kwambiri poyerekeza ndi achiwiriwo, nthawi zambiri zinthu siziyenda bwino. Kuwotchako kumagwetsanso ma lymphocyte, n'chifukwa chake amabwereza kuyeza chithandizo chili mkati. Ubwino wake, HB ikatsika pali chochita: kuthiridwa magazi, kapena kuikidwa chubu chodyetsera.

Ndalama ya SCC ija sungirani CT scan ndi endoscopy (kuunika kummero ndi kachubu ka kamera), poti chigamulo chenicheni adokotala amachitenga pamenepo.