Mwasintha mapulagi ndi mapointi, injini yayamba misi: mubwezere zakale kapena muike electronic?

Galimoto yanga ndi Datsun 120Y ya 1976, injini yake A12, imene anandisiyira malume. Mwezi watha, Loweruka m'mawa, ndinati ndiichitireko chifundo nkhalambayi. Ndinapita ku mashopu a sipeya cha ku Malangalanga n'kugula zonse za moto kamodzi n'kamodzi: mapulagi anayi, mawaya ake, kapu ya distributa, rota, mapointi ndi kondensa. Pofika 2 koloko zonse ndinali nditamanga, ndipo itangomva kiyi inalira mokoma. Kuchoka ku Kawale mpaka kudutsa Area 18 inkayenda ngati yabwerera ku utsikana. Koma ndikuyandikira Kanengo, injini itatentha, inayamba kudukiza. Kukoka, kusiya, kukoka, kusiya, uku ekizozi ikungoti phu! phu! Misi, kudukiza kwa injini kumeneku, kale kunalibe, ndipo ndinali nditaigula ndekha ndi ndalama zanga.

Sabata imeneyo ndinalandira malangizo anayi, onse ochokera kwa anthu ondifunira zabwino. Mnyamata wa pashopu anati, "Bwana, ndi koyilo imeneyo, tengani yatsopano." Aneba anga oyendetsa minibasi anati kabuleta yadya fumbi. Alamu anga, amene ali ndi Corolla KE70, anangoseka: "Alamu, mapointi ndi za nthawi ya Kamuzu, ikani electronic mupume." Madala ena a garaja ku Biwi sanatsegule n'komwe boneti. Anangondifunsa, "Achimwene, zakale zija mwataya?"

Njira zinayizi ndaziyerekeza kuti nanunso, mukadzagwa m'mbuna yomweyi, mudziwe poyambira.

Ya kabuleta ndiifulumiza. Kabuleta simunaigwire Loweruka lija, ndiye yalakwanji? Aneba sanalankhule zopanda mutu ayi: petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wa nzimbe kuyambira 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba, ndipo ethanol amawononga mapaipi akale a labala. Onjezani petulo wa m'zigubu amene timagula mizere ikatalika pa filling station. Koma matenda amenewo amabwera pang'onopang'ono, sadikira tsiku limene mwasintha mapulagi. Choyenera kuona mbali imeneyo n'chimodzi: kapaipi ka vacuum kochoka ku kabuleta kupita ku distributa, chifukwa chigongono chimakazula mosadziwa mukamalimbana ndi kapu. Masikuluu a kabuleta asiyeni. Mukawapotokola muli ndi mavuto awiri m'malo mwa limodzi, ndipo simudzadziwa kuti lomwe mwakonza ndi liti.

Ya koyilo, kachitini kokweza mphamvu ya magetsi opita ku mapulagi, ili ndi nzeru pang'ono, chifukwa koyilo yotopa imachitadi misi ikatentha. Vuto ndi lakuti mukuwonjezera chinthu chatsopano chachisanu ndi chiwiri pamwamba pa zisanu ndi chimodzi zimene simunaziyese. Komanso makoyilo a galimoto za mapointi alipo amitundu iwiri, ndipo kunja amafanana ngati mapasa. Ina imapima pafupifupi ma ohm 3 pakati pa timabauti take tiwiri, ndipo imadya 12V yonse. Ina imapima pafupifupi 1.5, ndipo imayenda ndi ballast resistor, kanthu koyera kadothi kamene mumakaona pafupi ndi koyilo pa galimoto zambiri za ku Japan za m'ma 1970. Mukaika ya 1.5 popanda resistor, koyilo imatentha moti simungaigwire ndipo mapointi amapsa msanga. Mukaika ya 3 kuseri kwa resistor, moto umafooka, galimoto imalira bwino ili chiimire koma pachitunda imatsokomola. Choncho musanagule, bwerekani multimeter mupime imene ilipo. Yanga inapima bwino, ndalama ya koyilo inatsala m'thumba.

Tsopano njira ya madala a ku Biwi, imene ndikhalitsapo chifukwa ndiyo yotchipa komanso yovuta kwa munthu wopupuluma ngati ine.

Mfundo yawo ndi yakuti chakale chija, ngakhale chotopa, mukudziwa kuti chinkagwira ntchito Lachisanu. Chatsopano mukungochikhulupirira chifukwa cha katoni. Ndiye mumabwezera chakale chimodzi, n'kuyendetsa mpaka injini itenthe, n'kumvetsera. Ngati misi ikadalipo, mumabwezeranso chatsopano chija n'kuyesa china. Chimodzi chimodzi, osati ziwiri. Mwayi wanga unali wakuti jumbo ya zakale inali ikadali m'buti.

Koma musanamasule kanthu, mverani kaye mtundu wa misiyo, chifukwa imanena yokha kumene ikuchokera. Misi yosasintha, imene ilipo injini ili yozizira kapena yotentha, ikugwedeza galimoto mofanana ngati munthu wotsimphina, kawirikawiri ndi silinda imodzi: pulagi, waya wake, kapena mawaya awiri osinthanitsidwa. Pa A12 ndi pa 4K ya Corolla moto umayenda 1-3-4-2. Musaganize kuti zonse zili choncho: Beetle ndi 1-4-3-2, injini ya Kent ya Ford Escort ndi Cortina ndi 1-2-4-3. Chotsani kapu, wina agwedeze kiyi muone kumene rota ikuzungulira, kenako muwerenge mawaya motsata mbali imeneyo. Kuti mupeze silinda yogona, zulani waya umodzi umodzi ndi pulayazi ya zogwirira za labala injini ikulira. Umene mwazula koma kulira kwa injini osasintha, pamenepo ndiye pali nkhani. Musazule ndi dzanja, pokhapokha ngati mukufuna kuvina osaitanidwa.

Misi yobwera mukaponda mafuta pachitunda imaloza ku moto wofooka kapena wothawa. Si nthawi zonse pamene mapulagi amatuluka m'katoni ali ndi gapu (mpata wodumpha moto) ya galimoto yanu. Ya A12 imafuna pakati pa 0.8 ndi 0.9 mm, ndipo pulagi ya gapu yaikulu imafuna mphamvu imene koyilo ya mapointi ilibe. Nambala nayonso muione. Pa mapulagi a kampani ya NGK, nambala ikakwera pulagi imakhala yozizira, ndiye BP6ES si BP5ES, ndipo yozizira kwambiri imada ndi mwaye ngati maulendo anu ndi a m'tauni okhaokha. Mapulagi achinyengo olembedwa mayina odziwika aliponso pamsika. Za moto wothawa, dikirani usiku magetsi akazima monga mwa nthawi zonse, tsegulani boneti injini ikulira. Waya wothawitsa moto amaoneka tiziphaliwali tabuluu.

Misi ya pa liwiro lalikulu kawirikawiri ndi ya mapointi, tizitsulo tiwiri totseka n'kutseguka m'kati mwa distributa. Apa anthu ambiri timalakwitsa chifukwa sitidziwa chimene mapointi amachita. Koyilo imadzaza mphamvu pamene mapointi ali otseka, ndipo moto umatuluka pa mphindi imene atseguka. Gapu ikakula kwambiri, nthawi yotseka imachepa, koyilo siikhuta mukathamanga, komanso taimingi, nthawi imene moto umafika pa pulagi, imatsogola. Gapu ikachepa, mapointi amapsa ndipo taimingi imachedwa. N'chifukwa chake munthu wosintha mapointi amayamba gapu, taimingi pambuyo, ndipo sangadumphe taimingi ponena kuti distributa sanaisunthe. Pa A12 gapu ndi 0.45 mpaka 0.55 mm, pa Beetle 0.4 mm. Pimani ndi feeler gauge, tizitsulo topyapyala topimira mpata, osati ndi chikhadabo kapena katoni ya machesi. Mapointi atsopano amabweranso ndi timafuta toteteza dzimbiri pankhope pake. Pukutani ndi kapepala koyera. Ndipo pa kachidendene ka pulasitiki kamene kamakhuzana ndi cam, chigawo cha shafiti ya distributa chotsegula mapointi, pakani girizi pang'ono chabe. Popanda girizi kamadyeka m'masiku ochepa ndipo gapu imatsekeka yokha. Muli m'katimo, onaninso kawaya kopyapyala ka earth kamene kamalumikiza mbale ya mapointi ndi thupi la distributa. Kakatsala pang'ono kuduka, misi imabwera pokhapokha vacuum ikasuntha mbaleyo, ndipo mutha kusaka mwezi wathunthu.

Misi yanga inali ya mtundu wina: kulibe injini ili yozizira, kubwera ikatentha. Imeneyi okayikiridwa ake ndi atatu, koyilo, rota ndi kondensa. Rota zina zatsopano zimathawitsira moto ku shafiti ya distributa zikatentha. Eni a Land Rover ndi galimoto zina za distributa ya Lucas amalidziwa bwino vutoli. Ndinabwezera rota yakale, kuyenda mpaka ku Bunda turn-off, misi ikadalipo. Tsiku lotsatira ndinabwezera kondensa yakale, yakuda ndi mafuta, imene mwina anaimanga ndi malume. Nditachotsa kapu ndinaona kuti mapointi a sabata imodzi anali atapsa kale nkhope, chizindikiro chakuti kondensa siikumeza moto umene umafuna kudumpha pamene akutseguka. Ndinawakwecha pang'ono, kupimanso gapu, kukonza taimingi. Misi inatheratu. Multimeter wamba ikanandinamiza pamenepa, chifukwa kondensa yofa ndi kutentha imapima bwino ili yozizira patebulo.

Njira imeneyi inandidyera masiku atatu ndi petulo wa maulendo oyesera. Ndalama ina sindinaononge. Kuipa kwake n'kwakuti ngati zakale munataya, kapena makaniko anazisiya m'fumbi la garaja, muyenera kubwereka kwa mnzanu wa injini yofanana.

Nanga electronic ya alamu anga? Sindiinyoza. Kabokosi kameneka, monga Pertronix, Accuspark kapena Powerspark, kamakhala m'kati mwa distributa pamalo a mapointi ndi kondensa, ndipo kamamva maginito ozungulira ndi shafiti m'malo mokhuzana ndi cam. Palibe chodyeka, palibe gapu yotsekeka, taimingi imakhala pamene mwaisiya. Kondensa, imene masiku ano kupeza yabwino ndi mwayi, imachoka m'nkhani. Ngati shafiti ya distributa yanu yayamba kugwedera chifukwa mabushi adyeka, mapointi amatseguka mosiyana pa silinda iliyonse, pamene electronic imapirira kugwedera pang'ono. Corolla ya alamu imalira kamodzi ngakhale m'mawa wa June. Kwa munthu woyenda tsiku ndi tsiku amene safuna kutsegula kapu pakapita makilomita 10,000 alionse, ndi chinthu chabwino.

Chimene ndikukana ndi kuiika ngati mankhwala a misi imene simunaipeze. Electronic imalowa m'malo mwa zinthu ziwiri zokha. Ngati vuto lili pa rota, kapu, waya, pulagi kapena koyilo yolakwika, misi idzakhalapobe, ndipo mudzakhala mutawonjezera wokayikiridwa wina wodula kuposa onse. Pa vuto langa ikanachiza, n'zoona, koma mwangozi, ndipo ndikanalipira zambiri pa matenda a kondensa imodzi.

Ilinso ndi malamulo ake. Mukasinthanitsa mawaya ake awiri pa koyilo, ofiira ndi akuda, imapsa nthawi yomweyo. Mitundu yambiri imafuna 12V yathunthu, ndiye waya wofiira atenge magetsi resistor isanawadule. Imafuna koyilo ya ma ohm amene wopanga analemba. Pertronix Ignitor yoyamba ija pa injini ya masilinda anayi imafuna ya 3. Mukasiya kiyi ali on injini isakulira, mwina mukumvera mpira pa wailesi, mitundu ina imatentha mpaka kufa. Kuzula mawaya a mapulagi injini ikulira, kumene mapointi amakhululuka, electronic siikonda. Taimingi muyenera kuikonzanso ndi timing light, tochi yoonera taimingi, mukangomanga. Ndipo kuipeza nthawi zambiri ndi kuitanitsa kunja, ku South Africa kapena ku UK, kusaka forex, kudikira, n'kupemphera kuti yabwera ndi ya distributa yanu, chifukwa ya Hitachi si ya Lucas kapena Bosch.

Kusiyana kwakukulu kuli pa kafedwe. Mapointi amadwala kaye: galimoto imavuta kulira, imayamba misi, imakupatsani masiku. Akakukanikani pa Nathenje, sikuludiraiva ndi kasandipepa zimakufikitsani ku Dedza, ndipo makaniko aliyense wa imvi pa trading centre amawadziwa. Electronic imafa ngati babu. Ikuyenda, yazima, basi. Alamu anga amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake m'kabati ka dashibodi amasungamo mapointi ndi kondensa zokulunga m'kansalu, ngakhale savomera pagulu.

Wina anandiuzanso zogula distributa yathunthu ya kaunjika yochotsa pa injini yapambuyo, poti A12, A14 ndi A15 ndi banja limodzi. Zimatheka, koma distributa iliyonse ili ndi masipuling'i ndi vacuum zotsogoza moto molingana ndi injini imene inapangidwira, ndipo simudziwa kuti shafiti yake yayenda makilomita angati. Ndikanatero pokhapokha yanga itagwedera zosakonzeka, ndipo ndikanaigwedeza shafiti ndi chala ndisanapereke ndalama.

Ine pakadali pano ndatsalira pa mapointi, chifukwa 120Y imatuluka Loweruka ndi Lamlungu basi, ndipo shafiti yake ikadali yolimba. Ikanakhala ya kuntchito tsiku lililonse m'mizere ya pa mlatho wa Lilongwe, ndikanaitanitsa electronic, koma injini itayamba yakhala bwino pa mapointi. Kondensa yatsopano ija ndinabwerera nayo kushopu. Mnyamata uja anaitembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti zamagetsi sabweza. Madala a ku Biwi ataiona anatsegula chitini cha mkaka chodzaza ndi makondensa akale ochotsa pa galimoto zakufa, n'kundisankhira awiri. "Iyi ikani m'galimoto, iyi musunge kunyumba. Mubwere Loweruka la mawa tidzaonenso gapu, kachidendene kakakhazikika."